KUPANGANA ZA MLUNGU ULI KUDZA M'NYENGO YA DZINJA

(Nkhani iyi yakonzedwa kuti aphunzitsi, alangizi ndi alembi a mafumu aiwerenge mokweza pa misonkhano ya m'midzi m'mwezi wa Disembala. Wowerenga asafulumire, ndipo anthu akafuna kufunsa kapena kutsutsa awapatse mpata.)



Mwezi wa Disembala ndiwo mwezi umene ntchito za pa khomo zichuluka kuposa manja ozigwira. Chimanga chamera, udzu nawonso wamera, ndipo udzu sudikira munthu. Ufa uli kutha m'dengu, nkhuni zanyowa, mwana ayenera kupita ku sikelo, ndipo m'thumba mulibe kanthu pakuti ndalama zinathera ku mbewu ndi feteleza. Mabanja awiri okhala moyandikana, a minda yofanana, olandira mvula imodzimodzi, akhoza kukolola mosiyana kwambiri m'mwezi wa Meyi. Anthu poona zimenezi adzati wina ali ndi mwayi, ena adzanong'ona kuti ngokhwima. Koma kawirikawiri kusiyanako kunayamba m'milungu itatu kapena inayi ya mwezi uno, pamene banja limodzi linali kugona likudziwa chimene lidzachita m'mawa, ndipo linalo linali kudzuka dzuwa litatuluka ndi kuyamba kufunsana kuti lero kuli chiyani.

Makolo akale sanali kuwerenga masiku asanu ndi awiri monga achitira anthu lero. Iwo anali kuyang'ana mwezi kumwamba, mitambo, ndi mitengo ikamaphuka. Mlungu unadza ndi amishoni ndi eni minda ya khofi ndi tiyi, ndipo maina a masiku achitira umboni. Lolemba ndilo tsiku lolemba anthu ntchito, Lachiwiri mpaka Lachisanu angowerengedwa kuchokera pamenepo, ndipo Loweruka ndilo tsiku loweruka. Kapitawo anali kudziwa ndime ya munthu aliyense ntchito isanayambe, chifukwa mwini munda sanafune kutaya ngakhale m'mawa umodzi. Chodabwitsa nchakuti munthu yemweyo amene anali kusunga nthawi pa munda wa mzungu, pofika pa munda wa iye mwini anali kugwira ntchito mwachisawawa, ngati kuti masiku a kwawo ndi aulere. Khalidwe limeneli silinathe m'midzi yambiri.

Tsono nkhani ya lero ndi yakuti banja lililonse lisankhe madzulo amodzi pa mlungu, likhale pansi, lipangane za masiku asanu ndi awiri ali kudza. Ambiri adzaona kuti Lamulungu madzulo, atatha kudya nsima, ndiyo nthawi yabwino. Asilamu amene apemphera Lachisanu ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist amene apumula Loweruka adzasankha madzulo owakomera iwo. Chofunika nchakuti tsikulo likhale lomwelo mlungu ndi mlungu kufikira ana azolowere. Theka la ola likwana. Kupangana kumene kupitirira ola lathunthu kwasanduka mlandu, ndipo mlandu uli ndi bwalo lake.

Bambo asapangane yekha mumtima mwake. Iye sadziwa kuti ufa watsala wa masiku angati, kapena kuti mchere unatha dzana ndipo wadzulo unali wopempha kwa anansi. Mayi nayenso asapangane yekha, pakuti adzati Lachitatu apita ku chigayo, ndipo Lachitatu m'mawa adzapeza njinga yapita ku msika pamodzi ndi ndalama. Ana okulirapo akhalepo, chifukwa mwana amene wamva ndi makutu ake kuti madzi a Lachinayi ndi ake savuta kumtuma. Pali makomo ambiri amene bambo ali ku Joni kapena ku tauni, kapena anamwalira. Kumeneko mayi apangane ndi mwana wake wamkulu, kapena ndi agogo, ndipo pa ntchito zolemera auziretu achimwene ake tsiku limene adzawafuna, asawadzidzimutse m'mamawa khasu lili kale pa phewa.

MASIKU AMENE ALI NDI ENI AKE

Funso loyamba likhale ili: mwa masiku asanu ndi awiriwa, ndi ati amene atengedwa kale? Pali tsiku la mapemphero. Pali tsiku la msika, limene silisuntha chifukwa cha munthu mmodzi. Mwina mlungu umenewu ndiwo wa sikelo, mwina mfumu yalengeza ntchito ya chitukuko ku sukulu kapena pa mlatho, mwina amayi ali ndi banki m'khonde kapena msonkhano wa Mvano. Banja likachotsa zonsezi lidzadabwa kuona kuti m'mawa wolowa m'munda watsala unayi wokha, ndipo nthawi zina utatu. Anthu ambiri aganiza kuti ali ndi mlungu wathunthu chifukwa sanawerengepo. Nchifukwa chake anena mopepuka kuti adzapalira mawa, osadziwa kuti mawa ali ndi mwini wake. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

KUPALIRA

M'mwezi uno kupalira ndiko kuyenera kulandira masiku abwino koposa, ndipo ntchito zina zonse zifune malo m'mbali mwake. Chimanga chaching'ono chili ndi mizu yochepa. Udzu ukamera nacho pamodzi ulanda madzi, chakudya cha m'nthaka ndi dzuwa, ndipo chimanga chimene chafooka m'milungu yoyambirira sichibwerera mwakale ngakhale mwini wake adzapalire kawiri pambuyo pake. Alangizi a zaulimi anena kuti kupalira koyamba kuchitike pasanapite milungu iwiri kapena itatu chimanga chitamera, udzu ukali wanthete. Pamenepo khasu liyenda msanga. Munthu wochedwa alipira kawiri: ataya zokolola, ndiponso agwira ntchito yowawa, pakuti udzu wokula ukazulidwa m'nthaka yonyowa ugwiranso mvula ikagwa usiku.

Njira yodziwira masiku ofunika si yovuta, ndipo mwana wa Sitandade 4 akhoza kuiwerengera makolo ake. Munthu awerenge mizere ya m'munda mwake, kenaka aone kuti banja lake limaliza mizere ingati kuyambira m'bandakucha kufikira dzuwa litatentha. Mwachitsanzo, munda ukakhala wa mizere 120, ndipo bambo ndi mayi amaliza mizere 20 pa m'mawa umodzi, ndiye kuti pafunika m'mawa usanu ndi umodzi. Ngati mlunguwo uli ndi m'mawa unayi wokha, mizere 40 idzatsala. Kuli bwino kudziwa zimenezi Lamulungu madzulo kusiyana ndi kuzizindikira Lachisanu masana. Wodziwiratu akhoza kuyambira mbali imene inabzalidwa poyamba kapena imene udzu wakula kwambiri, akhoza kubwereranso m'munda madzulo dzuwa litapendeka, akhoza kusiya ulendo wa ku msika kwa mwana, kapena akhoza kupangana ndi abale kuti alime mothandizana, lero kwa uyu mawa kwa uyo, monga anali kuchitira makolo pa dima.

Feteleza nayenso ali ndi masiku ake. Wokulitsa athiridwa pobzala kapena pasanathe mlungu chimanga chitamera, ndipo wobereketsa atsatira patapita ngati masiku 21. Apa ndipo pagona nkhani: feteleza wothiridwa m'munda wa udzu adyetsa udzu. Thumba limene banja linagulitsira mbuzi lithera kunenepetsa namsongole. Chotero tsiku la feteleza wobereketsa ndilo lilamula tsiku lomaliza kupalira, ndipo munthu ayenera kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Koma adzawerenga bwanji ngati waiwala tsiku limene anabzala? Ambiri akafunsidwa ayankha kuti anabzala ndi mvula yachiwiri ija, ndipo mayi ndi bambo atsutsana kuti inagwa liti. Tsiku lobzala lilembedwe pa chitseko ndi khala, kapena pa kalendala wa ku tchalitchi. Ndiponso feteleza wobereketsa afuna nthaka yachinyontho. Wothiridwa pouma sagwira ntchito bwino, ndipo mvula yamkuntho imkokolola. Nthambi ya Boma yoona zanyengo ilengeza pa wailesi za masiku akudzawo, ndipo banja limene lili ndi wailesi kapena foni limvetsere lisanapangane.

Ntchito ina yaing'ono imene makolo sanaidziwe ndiyo kuyendera munda chifukwa cha mbozi za ntchemberezandonda, zimene zinafika m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017. Mbozi zimenezi zibisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, ndipo zipheka mosavuta zikali zazing'ono. Munthu mmodzi pa banja apatsidwe ntchito yoyenda m'munda kamodzi kapena kawiri pa mlungu, m'mamawa, kuyang'ana masamba obooka ndi zitosi zonga utuchi. Ntchito imene yapatsidwa kwa aliyense sichitidwa ndi munthu, kotero dzina la woyendera litchulidwe.

Pano pali nkhani yowawa imene siyenera kubisidwa. Mabanja ambiri chimanga cha chaka chatha chawathera kale, ndipo kuti ana adye madzulo, makolo ayenera kukapalira munda wa wina. Munthu wanjala sauzidwa kuti aleke ganyu. Mawu otere anena ndi wokhuta. Koma ganyu wosapangana ndiye abala njala ya chaka chamawa, pakuti masiku amene ganyu apezeka wambiri ndi omwewo amene munda wa mwini ganyuyo ndi wa womgwira ufuna khasu. Banja lonse likapita kwa eni, mlungu ndi mlungu, lidzapeza chimanga chake chafiira m'kati mwa thengo. Akuluakulu amene anaona njala ya 1949 atsala owerengeka, koma ya 2002 ambiri aikumbukira, pamene anthu anasiya minda yawo kukafuna chakudya kwina ndipo ena anadya chimanga chisanakhwime.

Nanga banja lotere lichite chiyani? Lipangane kuti chakudya chofunika mlungu umenewo nchochuluka bwanji, ndi kuti chifuna masiku angati a ganyu. Masiku amenewo atchulidwe, ndipo otsalawo akhale a munda wa pa khomo ngakhale wina abwere ndi mtengo wokoma. Mabanja ena agawana: bambo apita ku ganyu, mayi ndi ana akuluakulu akhala m'munda mwawo. Ena ayamba m'munda mwawo m'bandakucha, mphamvu zikalipo, ndipo ganyu amgwira masana. Njira iliyonse ndi yowawa, ndipo palibe imene ichotsa umphawi m'mlungu umodzi. Koma munda umene walandira m'mawa utatu pa mlungu usiyana kutali ndi umene unangouzidwa kuti udikire.

UFA

Abambo ambiri aganiza kuti ufa ndi ntchito ya tsiku limodzi, chifukwa iwo aona nsima yokha. Amayi adziwa kuti ufa woyera uyamba kutali. Chimanga chiyenera kutonoledwa, kukonoledwa, kupetedwa, ndipo mphale iviikidwa m'madzi masiku awiri kapena atatu. Itavuulidwa iyanikidwa, ipita ku chigayo, ndipo ufawo uyanikidwanso pa mphasa. Zonsezi zitenga masiku anayi kapena asanu dzuwa likawala bwino. Tsono m'dzinja dzuwa silipangana ndi munthu. Mayi ayanika ufa, alowa m'munda, mtambo ubwera, ndipo asiya khasu ndi kuthamangira kunyumba. Ufa wosauma uyamba fungo ndi nkhungu. Pofika ku chigayo napo akhoza kupeza magetsi azima ndi mzere wa anthu wofika ku msewu, ndipo tsiku lonse lithera pamenepo.

Chifukwa chake mayi ayang'ane m'dengu Lamulungu, anene poyera kuti ufa ufika tsiku lakuti, ndipo mphale iviikidwe masiku asanu tsikulo lisanafike. Ulendo wa ku chigayo uphatikizidwe ndi wa ku msika kapena wa ku sikelo ngati zili njira imodzi, kuti usadye m'mawa wa kumunda. Koma m'milungu ya kupalira banja lanzeru lidzaganiza za mgaiwa. Mgaiwa sufuna kukonola kapena kuviika, utha tsiku limodzi, ndipo ndowa imodzi ya chimanga itulutsa ufa wambiri chifukwa gaga satayika. Uli ndi zopatsa thanzi zambiri kuposa ufa woyera. Alipo abambo amene akana mgaiwa, amati nchakudya cha ku ndende kapena cha ku sukulu yogonera konko. Abambo oterewa, amene sanagwirepo munsi, ayenera kufunsidwa mwaulemu ngati afuna mkazi wawo akhale pa mtondo kapena m'munda, pakuti sangakhale konsekonse.

Pa nthawi yomweyo chimanga chotsala chiwerengedwe. Thumba la makilogalamu 50 likakhala lokwana banja mwezi umodzi, ndiye kuti mlungu uliwonse uli ndi makilogalamu 12 ndi theka, osapitirira. Mayi adziwa kuti ndowa imodzi ikhala masiku angati pa khomo pake. Awerenge ndowa zotsala, awerengenso milungu yotsala kufikira chimanga chatsopano, ndipo banja lidzadziwa m'Disembala ngati Febuluwale adzawapeza ndi chakudya. Akaona kuti sichikwana, nthawi yochepetsa pang'ono, yosakaniza ndi chinangwa kapena mbatata, kapena yoleka kufulula mowa wa Khirisimasi ndi chimanga cha ana, ndi ino.

Za ndiwo sizivuta kwambiri m'mwezi uno. Bonongwe, chisoso ndi luni zimera zokha, ngumbi zituluka, mango apsa, ndipo bowa apezeka kwa amene amdziwa bwino, wosamdziwa asatole. A zaumoyo aphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Banja losauka silingathe kukhala nazo zonse pa mbale iliyonse, koma poyang'ana mlungu wathunthu likhoza kuona kuti masiku asanu apita ndi masamba okhaokha, ndipo likhoza kuika usipa pa tsiku la msika, nyemba tsiku lina, ndi nsinjiro m'phala la mwana. Nyemba za mawa ziviikidwe usiku wa lero, ndipo zidzapsa msanga ndi nkhuni zochepa.

Nkhuni zifunidwe tsiku louma, zokwana mlungu, ziikidwe pa khonde pamene mvula sifika. Amene ali ndi chitetezo mbaula aona kuti mtolo womwewo ukhalitsa. Ntchito imeneyi ndi ya madzulo kapena ya Loweruka ana ataweruka ku sukulu, ndipo anyamata asaikane.

Madzi afuna mawu ochulukirapo, chifukwa dzinja ndiyo nyengo ya matenda otsegula m'mimba. Kolera imene inabuka m'dziko muno mu 2022 ndi kupitirira mu 2023 inapha anthu oposa 1,700. M'masiku a kupalira amayi atopa, pa mjigo pali mzere, ndipo mwana atumidwa kukatunga pa chithaphwi chapafupi. Banja lipangane kuti atunge madzi akumwa ndani ndipo nthawi yanji, ndi kuti mankhwala othira m'madzi alipo kapena atha. Akatha, wopita ku sikelo kapena ku msika apatsidwe ntchito yokawafunsa kwa alangizi a zaumoyo. Madzi opita nawo kumunda akhalenso ochokera mu mtsuko womwewo wotetezedwa.

SIKELO NDI MANKHWALA

Tsiku la sikelo lilembedwa m'kabuku ka mwana, koma kabukuko kakhala pansi pa sutikesi ndipo katsegulidwa tsiku litapita. Lamulungu madzulo kabukuko katulutsidwe. Mwana alandira katemera atangobadwa, kenaka ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku ali ndi miyezi 9 ndi miyezi 15. M'midzi yakutali alangizi a zaumoyo afika kamodzi pa mwezi, kotero mayi akaphonya tsiku limodzi chifukwa cha munda, mwana adikira mwezi wathunthu kapena mayiyo ayenda ulendo wautali ku chipatala. Palibe lamulo lakuti mwana apite ku sikelo ndi mayi ake okha. Ngati mayi afunika kwina, bambo akhoza kumnyamula, ndipo anzake amene adzamseka pa njira sadzamthandiza kugona m'chipatala mwanayo akadwala chikuku.

Chimodzimodzi amayi oyembekezera ndi onse amene alandira mankhwala a masiku onse, monga a ma ARV, a chifuwa chachikulu kapena a kuthamanga kwa magazi. Aliyense awerenge mapiritsi ake ndi kuyang'ana tsiku limene anauzidwa kuti abwerenso. M'dzinja mitsinje idzala ndipo milatho ina siwolokeka, choncho si nzeru kudikira mpaka patsale piritsi limodzi. Koma malungo sadikira kupangana kulikonse. Mwana akatentha thupi apite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale pepala linati lero ndi la feteleza.

NDALAMA

Ndalama za mlungu ziikidwe pa mphasa, onse aziona. Kenaka zitchulidwe zofunika: chigayo, mchere, sopo, chopereka cha ku banki m'khonde, ndi kangachepe kosunga ka ulendo wa ku chipatala. Zikatha kugawidwa, zotsala ndizo za zina. M'makomo ambiri ndondomeko ili yotembenuka: za mowa ndi za mayunitsi a foni zichoka poyamba, ndipo mchere upikisana ndi sopo pa zotsala. Mayi wopita ku msika atapangana kale zogula sabwera ndi chitenje m'malo mwa usipa, ndipo bambo amene anavomera pamaso pa ana ake kuti ndalama iyi ndi ya chigayo achita manyazi kuitenga Lachiwiri usiku. Amene ali ndi ngongole ku banki m'khonde adziwe tsiku lobweza mlungu usanayambe, chifukwa ngongole yoiwalika ndiyo imene ichititsa munthu kugulitsa feteleza wake pa theka la mtengo.

TSIKU LOSIYA LOPANDA KANTHU

Wina adzaimirira pa msonkhano uno ndi kunena kuti zonsezi nzabwino pa pepala, koma m'mudzi munthu sadziwa za mawa. Ali kunena zoona. Maliro akagwa, makasu agona, ndipo palibe munthu wa umunthu amene adzapita kumunda anzake ali kusiwa. Abambo apita kumanda, amayi aphika ndi kugona kumeneko, ndipo masiku awiri apita. Mlendo afika, mvula igwa kuyambira usiku mpaka masana, mbuzi ilowa m'munda wa eni ndipo pakhala mlandu. Dzinja ndiyo nyengo imene matenda ndi maliro achuluka.

Koma chimenechi ndicho chifukwa chenicheni chopanganira. Banja lisadzaze masiku onse mpaka pakamwa. Lisiye tsiku limodzi, makamaka chakumapeto kwa mlungu, lopanda ntchito yoikika, kuti likhale lolandira zimene zatsalira. Ndiponso ntchito yosadikira iikidwe kumayambiriro. Banja limene lapalira Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu likamva mfuu ya maliro Lachinayi lipita ndi mtima umodzi. Limene linati liyamba Lachinayi likhala pa maliro maso ali kumunda. Ndipo mlungu ukapita wopanda chovuta, tsiku losiyidwalo silisowa ntchito: denga lodontha, chimbudzi chimene mvula yagumula, khola la mbuzi, kapena kupuma kumene, pakuti thupi nalonso si khasu.

KULEMBA

Zopanganazi zilembedwe. Sipafunika buku la mtengo. Tsamba la kumapeto kwa kope la mwana likwana, masiku asanu ndi awiri m'munsi mwa linzake, ndi dzina la munthu pambali pa ntchito yake. Lipachikidwe pa msomali pamene onse aona. Pamene palibe wodziwa kulemba, zithunzi zigwira ntchito: khasu, mtondo, mtsuko, mwana. Kuyambira 1994 maphunziro a pulayimale ali aulere, kotero makomo ambiri tsopano ali ndi mwana wokhoza kugwira pensulo, ndipo mwanayo akondwa kupatsidwa udindo wa ukalaliki pa khomo la makolo ake.

Apa aphunzitsi akhoza kuthandiza kwambiri. Iwo adziwa kale kuti salowa m'kalasi osakonzeratu phunziro, ndipo adziwanso kuti m'mwezi uno ndi wa Januwale mipando ina ikhala yopanda anthu tsiku la msika ndi masiku a kupalira. Mphunzitsi akhoza kupatsa ana a makalasi apamwamba ntchito yakuti Lolemba abwere ndi pepala la mlungu wa kwawo, ndi masamu a mizere ya m'munda wa makolo awo. Pa pepalapo masiku a sukulu alembedwe poyamba monga masiku amene ali ndi mwini wake, ndipo ntchito za mwana zikhale za madzulo ndi za Loweruka. Kholo limene lawerengeratu silikhala ndi chifukwa chodzutsa mwana Lachitatu m'mawa ndi kumuuza kuti lero avule yunifomu.

Lamulungu lotsatira, pepala lakale liwerengedwe banja lisanalembe latsopano. Ntchito imene yatsala isakhale poyambira ndewu. Ingofunsidwa kuti inatsala bwanji, ndipo ikaoneka kuti yatsala milungu iwiri yotsatana, ndiye kuti inapatsidwa kwa munthu wosayenera kapena pa tsiku losayenera, ndipo isinthidwe. M'mlungu woyamba mabanja ambiri alemba zochuluka kuposa zimene angathe. Pofika wachitatu adziwa ndime yawo yeniyeni.

Amene ali ndi mafunso a za masiku a feteleza ndi mbozi aonane ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lawo, ndipo popita atenge tsiku limene anabzala. A za katemera apite kwa alangizi a zaumoyo ndi kabuku ka mwana m'manja. Mafumu apemphedwa kuti ntchito za chitukuko ndi milandu ya pa bwalo azilengeza mlungu usanayambe, ndipo m'mwezi uno aziike masana, kuti m'mawa ukhale wa kumunda.